Mkanjo wa Rabeka

Mchimwene wanga Filimoni atha kugona ndi njala bola nsapato zikuwala. Fakitale ya nsalu inatsekedwa kalekale kuno ku Chegutu, koma iye akufunabe tizimutchula kuti a folomani.

Atamva kuti akwawo kwa Tawanda akubwera kuchokera ku Kadoma kudzafunsira mwana wake Rabeka, anatisonkhanitsa kunyumba kwake ku Pfupajena n'kutiphunzitsa bodza. Rabeka ali ndi digiri, zimenezo n'zoona. Koma chimene chimadyetsa nyumbayo ndi wilibala ya tomato imene amakankha m'mawa uliwonse kupita pokwerera makombi, maminibasi a kuno.

"Tiwauze kuti amagwira mu ofesi ku Harare," anatero Filimoni. "Amalume a mnyamatayu ndi a Dokotala. Akangomva za tomato, ukwati watha."

Anabisa wilibala kuseri kwa chimbudzi, mkanjo wa digiri n'kuupachika pabalaza ngati katani. Zinandinyansa. Koma Rabeka ankamukonda Tawanda, ndipo ine monga azakhali ake sindinafune kumuwonongera.

Loweruka alendo anafika, Tawanda n'kutsala m'galimoto monga mwa mwambo. A Dokotala aja, amene palibe ankadziwa kuti udokotala wawo ndi wa chiyani, anasankha mpando wabwino n'kuika makiyi pabondo. Atamwa tiyi anafunsa kuti, "Nanga muroora, mpongozi wathuyu, amagwira kuti?"

Filimoni asanayankhe, Rabeka anadzuka pamphasa. Anatsitsa mkanjo uja, kuuvala, n'kutuluka. Tinamva gudumu likulira kuseri mpaka wilibala inaima pakhomo, tomato ali mbwee.

"Ofesi yanga ndi iyi, sekuru," anatero kwa amalume a Tawanda aja atagwada mwaulemu. "Digiri ndi yanga, wilibala ndi yanganso. Mafakitale atseka, magetsi sayaka, pampopi pauma, koma anthu akudyabe tomato. Ngati mwabwerera mkanjo wokha, ndikuvulireni mupite nawo."

A Dokotala anayang'ana Filimoni kuchokera kumutu mpaka kunsapato. "Ife sitikwatira pamsika," anatero, n'kunyamula makiyi awo. Anzawo anawatsatira, tiyi atamusiya m'makapu.

Rabeka anaima pageti akuyang'ana galimoto. Tawanda anamuona bwinobwino kudzera pagalasi. Tonse tinadikira kuti chitseko chitseguke, koma sichinatseguke, ndipo galimoto inakhotera kumsewu wa ku Kadoma.

Mwanayo analira, sindingabise. Inenso mtima unandipweteka, ndipo ndinamutukwana Tawanda chamumtima ndi mawu oti sangatchulidwe kutchalitchi. Kenako Rabeka anapukuta nkhope, n'kugwira zigwiriro za wilibala.

Filimoni anatuluka akukalipa. "Wandivula pamaso pa anthu! Ndiye ukupita kuti utavala choncho?"

"Kuntchito, baba," anayankha Rabeka. "Loweruka ndi tsiku la malonda. Mukufuna kudya chiyani madzulo ano?"