Kontirakitala Wachisanu ndi Chitatu

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ake ali moyo, anali ataima pakhomo, fayilo yobiriwira ili kukhwapa, akukangana ndi amayi za nthawi. Linali Lachiwiri, pa 9 Okutobala. Amayi ankati kadi la kuchipatala lanena 8 koloko, bambo nkumati dokotala si basi, sanyamuka kusiya munthu. Iye anali pa sofa akunamizira tulo, monga ankachitira m'mawa uliwonse chisiyireni koleji. Podutsa, bambo anamukoka chala chakuphazi.

"Profesa, dzuwa latuluka osakupempha chilolezo."

Iye anapitiriza kunamizira tulo. Masana foni inalira, akuti bambo agwa pamalo okwerera basi.

Denga la nyumba yawo linali litadontha zaka zitatu, ndipo pa zaka zimenezo bambo anakana makontirakitala asanu ndi awiri. Anali ndi malamulo atatu omwe aliyense m'nyumbamo ankawadziwa ngati pemphero la chakudya. Lemba nambala ya chiphaso ndi dzanja lako. Pita nayo ku ofesi yoona za zomangamanga ukaione m'kaundula ndi maso ako. Ukatero kaone nyumba yomwe munthuyo anamanga, ndipo ukafika yang'ana kudenga, usayang'ane nkhope ya mwininyumba, poti munthu wopusitsidwa savomera msanga.

Patatha milungu isanu, mitambo inayamba kusonkhana masana aliwonse ngati anthu odzapepesa. Amayi anasamutsira matiresi pabalaza chifukwa siling'i ya kuchipinda kwawo inali italendewera ngati mimba ya mbuzi ya bere. Apa mpamene amalume, mlongo wawo wa amayi, anatulukira ndi munthu wovala chipewa cholimba chachikasu, ngakhale kuti panjira yonse panalibe choti chimugwere. Munthuyo ankadzitcha Injiniya. Chiphaso chake chokutidwa ndi pulasitiki chinkalendewera pakhosi, ndipo akamaliza chiganizo chilichonse ankasolola tepi yoyezera nkuisiya kuti ibwerere yokha, thapu. Anayeza chitseko, anayeza windo, anayezanso sofa yomwe Profesa anakhalapo.

"Alongo," anatero amalume, "alamu anga anali munthu wabwino, ause mumtendere. Koma Mulungu akanawafunsa nzeru polenga dziko, bwenzi mpaka lero tikudikira mapepala a dzuwa."

Amayi anali otopa ndipo sanaseke. Anati Injiniya ayambe Lolemba, pokhapokha Profesa atapeza chifukwa chenicheni chomukanira. Amalume anawomba m'manja, nkunena kuti mwana wa mlongo wawoyo sanamalizepo kanthu chibadwire, ngakhale tiyi amamusiya theka. Zinamuwawa Profesa chifukwa kapu yake inali pomwepo patebulo, tiyi ali theka.

Anapempha kulemba nambala ya chiphasocho. Injiniya anamuonetsa mwaulemu ndithu, koma chala chake chachikulu chinakhala pakona yam'munsi osasuntha, ngati chamatidwa.

Fayilo yobiriwira ija inali itabwera kuchokera kuchipatala m'jumbo limodzi ndi wotchi ndi magalasi, ndipo panalibe yemwe anaitsegula. Profesa anaitsitsa pamwamba pa wadirobu. Kontirakitala aliyense anali ndi tsamba lake, pansi pake chigamulo cholembedwa ndi bolopeni yofiira. Woyamba: "Chiphaso n'cha mkulu wake. Wapachithunzi ali ndi makutu ena." Wachitatu: "Mapepala ali bwino, koma m'nyumba yomwe anamanga muli ndowa zinayi pabalaza. Mwininyumba akuti n'zokongoletsera." Wachisanu: "Wandiitana kuti madala." Profesa anaseka, kenaka anazindikira kuti sakusekanso.

Panali tsamba lachisanu ndi chitatu. Linali ndi nambala ya chiphaso, nambala ya foni ndi mawu akuti "mayi wa njinga yamoto". Malo a chigamulo anali opanda kanthu.

Lachisanu anadzuka dzuwa lisanatuluke, moti amayi anamufunsa ngati m'mimba muli bwino. Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala, m'chipinda chokhala ndi benchi imodzi ndi fani yomwe inkangopukusa mutu osatulutsa mphepo. Kalaliki anali mayi wamagalasi omangirira kachingwe. Analemba nambala ya Injiniya pakompyuta ndi chala chimodzi, nkunena kuti chiphasocho n'chenicheni ndipo dzina ndi lake ndithu, kungoti n'cha gulu la omanga mipanda ndi zipata, komanso chinatha mphamvu zaka zinayi zapitazo. Anafotokoza kuti wokhudza denga la nyumba yogonamo anthu amafunika chiphaso cha gulu lina, amalemba mayeso, amakhala ndi inshuwalansi ya antchito ake, ndipo amachikonzetsanso chaka ndi chaka. Anaonjeza kuti pulasitiki aliyense angathe kukutira, ngakhale kadi la sikelo ya mwana.

Profesa anapereka nambala yachiwiri. Kalaliki anangoiyang'ana, osakhudza kompyuta.

"Iyi ndinaiwerengapo kale kawiri mokweza. Kunabwera bambo ena a fayilo yobiriwira, anandiuza kuti nditembenuze kompyuta aone okha, ati makutu amanama. Ili bwinobwino, ya nyumba zogonamo, ikugwira ntchito. Ndi bambo anu?"

Profesa anavomera ndi mutu.

"Anati kwatsala kukaona nyumba, koma miyendo yayamba kuwakana. Ati zotsalazo amaliza mwana wanga, ndi wa ku koleji. Ali bwanji?"

Profesa anayang'ana fani ija kwa kanthawi. Pamene bambo ankanena zimenezo, n'kuti iye atatha miyezi isanu ndi iwiri pa sofa, ndipo bambo ankadziwa bwino lomwe. Kalaliki anamvetsa osauzidwa. Anatsegula buku lomwe ofunsa amasainamo, nabwerera masamba angapo m'mbuyo, nkulitembenuzira kwa iye. Iye analibe mtima woti awerenge. Anangojambula tsambalo ndi foni, maso ali kumbali, nathokoza.

Loweruka Injiniya anabwera ndi makwerero kuti adzawasiyiretu. Profesa ananena zonse ataimirira. Injiniya sanakane. Anasolola tepi yake nkufotokoza modekha kuti denga ndi mpanda womwewo, kungoti wagona chagada. Amalume anati mapepala sakhoma msomali, ndipo ana a masiku ano akalephera sukulu amafuna kuti aliyense alephere nawo.

Amayi anafunsa akupinda bulangete.

"Achimwene, khitchini yanu ija inapezeka kwa aneba mphepo itawomba, anafolera ndani?"

Amalume anayang'ana wotchi yawo nkukumbukira kuti ali ndi msonkhano. Injiniya anasenza makwerero ake. Potuluka anaima pachipata, nkuchigwedeza, nanena kuti chipatachi chokha angathe kuchikonza bwino kwambiri, ndipo apa Profesa anamukhulupirira.

Profesa atamuimbira foni, mayi wa njinga yamoto anabwera madzulo omwewo. Anali wamfupi, wosachulukitsa mawu. Anapereka chiphaso asanapemphedwe, zala zake zili kutali ndi makona onse, nafunsa ngati iyeyu ndi mwana wa bambo aja omwe anafuna kudziwa zaka za makwerero ake. Anamupatsa malo a nyumba zitatu zomwe anafolera. Profesa anapita ku zonse zitatu Lamulungu, wapansi. Panyumba yomaliza mwini wake, mphunzitsi wopuma pantchito, anayamba kuyamikira ntchitoyo ndi mawu ambiri, koma mlendoyo sanamuyang'ane n'komwe. Anabwereka mpando, nakwerapo, nkulowetsa mutu ndi tochi pachibowo cha siling'i. Anapeza matabwa owuma, fumbi ndi buluzi mmodzi. Anasuzumiranso kuseri kwa makatani kufunafuna ndowa.

Atafika kunyumba anatenga bolopeni yofiira, nalemba pansi pa tsamba lachisanu ndi chitatu: "Ayambe." Zilembo zake zinkaoneka zazing'ono pafupi ndi za bambo.

Ntchito inatenga masiku asanu ndi anayi, ndipo mvula inadikira masiku khumi ndi limodzi. Inagwa masana, yamphamvu, malata atsopano akulira moti munthu sakanamva mnzake. Amayi anatenga beseni mwachizolowezi nkukaliika pakati pa chipinda chawo, pamalo pomwe simenti inachita kudyeka ndi madontho. Anakhala pabedi awiriwo kuliyang'ana. Linakhala louma.

Mvula itachepa, amayi anati awaonetse chithunzi cha buku lija, poti anali atawauza kuti chilipo. Magalasi awo anali pabalaza, choncho anamuuza kuti awerenge ndi iye. Profesa anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Panali dzina la bambo, nambala ya chiphaso cha mayi uja, siginecha yawo yokhala ndi mchira wautali, ndi nthawi yomwe anafika, 9 koloko.

"Munthu ameneyu," anatero amayi. "Tsiku lanji?"

"Lachiwiri, pa 9 Okutobala."