Mizere ya Laimu pa Bwalo la Mpira

Mphunzitsi wa sayansi anali atangotha miyezi isanu pasukulupo, ndipo Lachitatu limenelo kunkabwera woyendera masukulu kudzaona ngati mayiyu angalembedwe ntchito yokhazikika. Analawirira m'mawa n'kujambula ndi laimu mizere isanu ndi itatu yozungulira pakati pa bwalo la mpira. Ankafuna mwana mmodzi akhale dzuwa, ena akhale mapulaneti.

Ana atangofika, anatulukira a Wezulo, mphunzitsi wa masewera, munthu woti moni amayankha ngati mwawaponda chala.

"Bwalo langali mwalisandutsa bolodi, mayi? Mawa tili ndi mpira ife!"

"Bwaloli n'la sukulu, bambo. Kapena munachita kubwera nalo kuchokera kwanu?"

Ana anafa nazo kuseka. A Wezulo anangoti tsonyo, n'kupinda manja.

Mayiyo sanawalabadire. Anaimika mwana aliyense pamzere wake. "Iwe ndiwe Mekyule, uli pafupi ndi dzuwa, uzithamanga. Umamaliza ulendo m'masiku 88 okha. Iwe wa kunja ndiwe Neputuni, uziyenda ngati watumidwa usakufuna. Ulendo wako umatenga zaka 165."

"Ndinaiwalatu," anatero a Wezulo. "Ahedi amakufunani ku ofesi, akuti msanga."

Mayi anathamanga. Ku ofesi kunali kokhoma. Bodza lenileni, la munthu wamkulu ndi ndevu zake!

Pobwerera anamva wezulo ali patali. Bambo aja anali ataima pakati pa ana, akuyeserera mawu ake mwachipongwe. "Mekyule, liwiro! Neputuni, ukuthamangira kuti? Uli ndi zaka 165 iwe!" Ana ankazungulira akuseka, mapazi awo akufufuta laimu, zomwe mwini wezulo ankafuna.

Pambali panali pataima ahedi ndi mlendo wa tayi, woyendera masukulu uja, yemwe ankagwedeza mutu n'kumalemba m'kabuku.

"Izi ndiye timati kuphunzitsa," anatero mlendoyo. "Mwana sangaiwale." Kenako anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zoyera ndi laimu. "Ndinu a sayansi aja? Mwasiya ana okha, mpaka mnzanu kukugwirirani ntchito. Muziphunzirako kwa bambowa."

"Koma bwana, mizereyi ndajambula ndine..."

Onse anayang'ana pansi. Panali fumbi lokhalokha.

"Musadandaule, mayi," anatero a Wezulo akupukuta wezulo wawo pamalaya. "Timathandizana."

Mlendo uja anatseka kabuku kake n'kufunsa ahedi komwe kuli ofesi.