Mtsikana wa Nambala 41

Kalata ya osindikiza inafika Lolemba, pa 2 Juni. Buku lake lituluka kachitatu, ndipo zokonza azitumize pofika Lachisanu. Dokotala, monga ankamutchulira kuyunivesite ngakhale sanabayepo munthu jakisoni, anaitsindira ndi kapu ya tiyi n'kuyang'ana kabati ya mafaelo.

Bukulo linali la makolo ndi ana awo achisodzera, ndipo linafika patali: m'makoleji a aphunzitsi, pa wailesi, m'misonkhano ya makolo. Langizo lake anthu ankalibwereza ngati vesi: mwana akayamba kutseka chitseko, gogodani. M'kabatimo munali mafomu a chilolezo makumi anayi, iliyonse yosainidwa ndi mwana komanso kholo lake. Koma m'bukumo ana analimo makumi anayi ndi mmodzi.

Mawu a mtsikana wa nambala 41, amene anadzaza mutu wachisanu ndi chimodzi, Dokotala anawakopera m'kope limene analipeza pansi pa matiresi a Mzime, mwana wake wotsiriza, ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Sanagogode. Polemba anamusinthira sukulu, anamupatsa azichimwene awiri oti analibe, bambo ake anawasandutsa dalaivala. Deti lokha analisiya, poti pa ntchito yake deti saligwira: 9 Ogasiti, tsiku limene bambo ake a Mzime ananyamula sutikesi osabwereranso.

Mzime, amene tsopano anali ku koleji ya aphunzitsi, anabwera Lachitatu masana ndi chikwama cha zovala zakuda zoti achape. Akupatula zoyera pa simenti ya kukhitchini, anasimba kuti sabata yonse kalasi yawo inali pa mutu wachisanu ndi chimodzi. Wina anati mayi wa mtsikanayo ndi wouma mtima, wina anati mtsikanayo ndi wolekereredwa. Kenako mphunzitsi analoza Mzime kuti awerenge ndimeyo mokweza, ati ali ndi mawu omveka. Anawerenga mpaka pa deti.

"Nanga azichimwene anga awiri aja ali bwanji, amayi? Simundipatsirako moni wawo."

Dokotala anali ndi ziwerengero zonse pamutu: makoleji angati, makalata angati a makolo othokoza. Sanatchule ngakhale chimodzi. Anangoti nthawi imeneyo Mzime anatha milungu isanu osalankhula ndi munthu, ndiye iye ankaopa.

"Kuwerenga kope langako ndikumva," anatero Mzime, akutembenuza matumba a siketi. "Kusindikizako ndi mantha omwewo?"

Lachinayi m'mawa Dokotala anatenga fomu ya chilolezo yosalemba n'kukagogoda kuchipinda cha Mzime. Mzime anawerenga masamba onse awiri atakhala pa bedi, mpaka timalemba tating'ono ta m'munsi, kenako anapempha cholembera. Dokotala anadzimva akunena kuti pa deti akhoza kungosiyapo osalemba, kuti fomuyo idzaoneke ngati yakale, ndipo manyazi anamugwira asanatsirize.

"Inu, amayi? Kusiya deti?"

Mzime analemba 5 Juni. Anachonga pa "Sindikuvomera", anasaina, n'kubweza pepalalo ndi manja awiri.

"Mukanandipempha nthawi ija, mwina ndikanakupatsani kope lonse. Ndinkafuna wina aliwerenge."

Lachisanu, nthawi ili 10 koloko, Dokotala anatumiza zokonza: masamba 88 mpaka 103 achotsedwe, ndipo 41 akhale 40 m'malo asanu ndi awiri. Mkonzi anaimba foni pasanathe ola. Anati mutu umenewo ndiye mtima wa buku, aphunzitsi akafunsa adzawayankha chiyani. Dokotala anamuuza kuti alembe zoona m'mawu oyamba: wolemba analibe chilolezo. Mabuku zikwi zisanu ndi chimodzi amene anatuluka kale panalibe wowabweza.

Fomuyo anaiika m'kabati, kumbuyo kwa ya nambala 40. Mzime anali atakwera basi ya m'mawa, zovala zina zisanaume. Madzulo Dokotala anazianula, anazipinda, n'kupita nazo kuchipinda cha Mzime. Chitseko chinali chotseka. Anazisiya pa mpando wa m'kolido.