Mbuzi ya Riboni Yofiira

Mbuzi ija itapezeka pachipata chawo kachitatu m'sabata imodzi, Bambo Kpodo sanaseke.

Achinyamata a kutchalitchi kwawo ku Hohoe ankasonkhetsa ndalama zogulira ng'oma zatsopano. Ankatenga mbuzi yovala riboni yofiira m'khosi n'kukaimanga pakhomo pa munthu. Kuti ichoke unkapereka ndalama zokwana masedi khumi, ndipo ukawonjezera khumi ena unkatchula nyumba ina yoti ipiteko. Mpingo wonse unkakondwa nazo. Bambo Kpodo, mphunzitsi wopuma pantchito, analipira Lolemba, analipiranso Lachitatu. Lachisanu m'mawa iyo ili pomwepo, ikubudula maluwa.

Woitumiza ankamudziwa. Akanakhala ndani, kupatula Bambo Tsikata a kuseri kwa mpanda? Awiriwa anasewera bawo limodzi zaka makumi atatu, mpaka pamene anakangana za mtengo wa mango wa m'malire. Kalata yokawanenera kwa akulu a mpingo inali kale m'thumba la malaya a Bambo Kpodo, ndipo ankadziwa kuti ikaperekedwa, kulankhulana kwatha.

Dzifa, mtsogoleri wa achinyamata, anafika ndi kadengu kake ka zopereka.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Mlendo wanu wabweranso."

"Wamutuma ndani?"

"Lamulo sililola kuulula, aphunzitsi."

"Iwe, ndinakuphunzitsa kugwira pensulo mamina ali chuchuchu. Ndani?"

Pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa Bambo Tsikata. "Achimwene, ingoikwatirani. Yakukondani imeneyo."

Bambo Kpodo anawerama kuti amasule chingwe, koma anapeza kuti sichinamangidwe paliponse. Nsonga yake inali yotafunidwa, yonyowa malovu.

"Dzifa, amene anamanga mbuzi iyi pano ndani?"

Mtsikanayo anayang'ana m'kadengu. "Kunena zoona, palibe. Timaimanga kwina, iyo imadula chingwe n'kubwera kuno. Lolemba tinaisaka tauni yonse, tinaipeza pano."

"Ndiye munandilipiritsa?"

"Munali mutatulutsa kale chikwama, aphunzitsi. Tinaona ngati kukana n'kupanda ulemu."

"Lachitatunso?"

"Tinangoti mwina ndi dongosolo la Mulungu."

Kuseri kwa mpanda kunamveka chikhosomo cha munthu amene akubisa kuseka.

"Munaitenga kuti?"

"Anatibwereka a malonda a mbuzi aja a kumsika."

Bambo Kpodo anaigwira mutu n'kupinda khutu lakumanzere. Linali lochekedwa pawiri, mwaukhondo, monga ankachitira malemu akazi awo, Mayi Mawusi, ndi sizasi yosokera. Mbuzi zawo zonse anazigulitsa mwezi umene anaika maliro, chifukwa panalibenso wozitsegulira khola m'mawa. Iyi nthawi imeneyo iyenera kuti inali kamwana.

Anaimirira, n'kupukuta magalasi awo nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

"Ukawafunse a kumsikawo mtengo wake. Riboniyo chotsa, mukamange pa nkhosa."

"Nanga za lero, aphunzitsi?" Dzifa anasendeza kadengu pang'ono.

"Usandiyese, mwana iwe."

Dzifa atapita, anatsegula chipata. Mbuzi inalowa yokha n'kulunjika kuseri kwa nyumba kumene kunali khola, kenako inabwerera kudzawanunkhiza thumba. Anatulutsa kalata ija, n'kuiyang'ana pang'ono, n'kuisiya kuti iitafune.

"A Tsikata," anatero osatembenuka, "bawo lija chiswe sichinadye?"

"Lilipo. Koma mango ndi anga."

"Bwerani nalo. Za mango tikambirana ndikakudyani."