Dokotala wa pa Simbi

Lamulo loyamba la m'nyumba yochapira zovala amalidziwa aliyense amene anagwirapo ntchitoyi: chovala cha kasitomala sichivalidwa. Uchichape, uchisite, uchipachike, koma usalowetsemo mkono. Bambo wina wosita, amene anzake ankamutcha a Nthunzi chifukwa tsiku lonse ankaima m'nthunzi ya simbi, ankalidziwa bwino lamuloli, ndipo ndi iwo amene ankaliphunzitsa kwa obwera kumene. Komabe masana ena, anzawo atapita kukadya, anavala jasi loyera la dokotala, namanga mabatani mpaka m'khosi, nadzijambula ndi foni.

Chifukwa chake chinali chotere. Antchito a m'nyumbayo ankathandiza limodzi kamtsikana kena ka kutsidya kwa nyanja, kudzera ku bungwe losamalira ana a sukulu. Chithunzi chake chinali pakhoma pamwamba pa kauntala, ndipo onse ankangoti Mwana Wathu. Bungwelo linapempha kuti aliyense atumize chithunzi chake ali pantchito, kuti mwanayo adziwe anthu ake. Mayi a pa kauntala anajambulitsa cholembera chili kukhutu. Mayi a makina ochapira anajambulitsa thovu lili m'manja, akuseka mano onse pamtunda. Koma a Nthunzi atadziyang'ana pagalasi anaona vesiti yonyowa ndi thukuta ndi thaulo lakale paphewa. Anachita manyazi ndi ntchito imene imawadyetsa, ndipo manyazi otere sachedwa kubala bodza.

Patapita nthawi mwanayo anatumiza chojambula cha makrayoni. Anajambula onse, koma a Nthunzi anawajambula aakulu kuposa ena, ali ndi chopimira pachifuwa m'khosi.

"A Nthunzi, mwana wakumangani chingwe m'khosi," anatero mayi a makina. "Kodi munamuuza kuti ndinu mbuzi?"

"Ndi chingwe cha simbi chimenecho, chemwali. Inu zojambulajambula simuzidziwa."

Tinene chilungamo: bamboyu mwanayo ankamukondadi. Ndi iwo amene ankakumbutsa ena tsiku lake lobadwa, ndipo masamu atamuvuta anamutumizira mawu omulimbitsa mtima. Koma uthenga uliwonse wa mwanayo wobwera pafoni yawo unkayamba ndi mawu akuti "adokotala anga", ndipo iwo sankatsutsa. Ankangoyankha kuti azisamba m'manja ndi kumwa madzi ambiri, namadziuza kuti malangizo otere sanaphepo munthu.

Kenako bungwe linakonza zoti alankhulane ndi mwanayo pafoni yoonana nkhope. Ataweruka Loweruka, mwini nyumbayo, amene onse ankawatcha Mayi Wamkulu, anatsamiritsa foni ku katoni ya sopo, ndipo onse anapanikizana patsogolo pake. A Nthunzi okha ndi amene anapeza ntchito yofulumira kuseri kwa nsalu za pabedi zimene zinali pachingwe.

Mwanayo anaoneka atavala yunifolomu ya sukulu, pambali pake pali mayi womasulira wa ku bungwe. M'nyumbamo munabuka phokoso.

"Taonani kukula! Mwana wathu watipitirira msinkhu!"

"Kolala ameneyo wasita ndani?" anafunsa mayi a makina. "Mwananga, tumiza kuno malayawo, ukutichititsa manyazi."

Womasulira atamasulira, mwanayo anaseka mpaka kubisa nkhope. Anawatchula mmodzimmodzi monga anawaonera pazithunzi. Kenako anasuzumira m'foni ngati wofuna kuona kuseri, nafunsa kanthu.

"Akuti adokotala ake ali kuti?" anatero womasulira.

"Adokotala?" anadabwa Mayi Wamkulu. "Mayi, mwina mwasokoneza mafoni. Kuno timachiza madontho a mafuta basi."

Womasulira anakweza chithunzi chosindikizidwa cha bambo wovala jasi loyera. Onse anaweramira pafoni, kenako onse pamodzi anatembenukira ku nsalu za pabedi, kumene kunkaoneka mapazi awiri m'masilipasi.

"Tulukani, adokotala," anatero mayi a pa kauntala. "Odwala afika."

Akanaseka nthawi yaitali, koma mwanayo anakokera pafoni kamlongo kake kakang'ono, nakweza phazi lake lokulungidwa ndi kansalu. Linali lotupa. Womasulira anafotokoza kuti kamnyamatako kanaponda msomali, ndipo mayi awo anafuna kupita nako kuchipatala, koma mtsikanayo anawaletsa. Anawauza kuti adikire Loweruka, popeza iye ali ndi dokotala wakewake.

A Nthunzi anatuluka, thaulo lili paphewa. Anayesa kaye njira yachidule, monga amachitira munthu amene akufuna kuchita chabwino osataya ulemu wobera.

"Muuzeni apite naye kuchipatala lero lomwe," anatero ndi mawu aakulu.

Womasulira anamasulira, namvetsera yankho. "Akuti apitirenji kwa dokotala wachilendo pamene inu mulipo? Mungotchula mankhwala, mayi ake akagula. Akufunsanso ngati wakulakwirani, popeza lero simunavale jasi lanu."

Mayi Wamkulu anapinda manja pachifuwa, nayang'ana wantchito wawo monga mphunzitsi ayang'anira mwana amene akudziwa yankho. A Nthunzi anaona kuti mwanayo sadzasuntha malinga ngati akukhulupirira jasi lija. Anapita pa tebulo lawo, natenga simbi, nabwera nayo patsogolo pa foni.

"Mayi womasulira, mumasulire zonse, musandikometsere," anatero. "Mwana wanga, ona chida changa ndi ichi. Ine si dokotala. Sindinapimepo munthu chibadwire. Ndine wosita zovala, ndipo jasi lija ndinavala la eni ake."

"La ndani?" anafunsa Mayi Wamkulu.

"La adokotala aja ovuta pa sitachi yolimbitsira zovala, mayi."

"Mayo ine! Ndi thukuta lanulo?"

"Ndinalichapanso, mayi, ndipo chilango chake ndilandira." Anatembenukiranso ku foni. Mwanayo anali atagwira pakamwa, maso ali pa simbi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, ndipo kumbuyo kwake mayi ake anali atayamba kale kubereka kamnyamata kaja. "Seka ndithu, mwana wanga, ndiyenera kusekedwa. Ndinaopa kuti ukaona vesiti iyi udzati anzako ali ndi anthu apamwamba, iwe wapeza wosita. Ndinakunamiza iwe, ndinanamiza anzangawa, ndipo mlongo wako wavutika masiku onsewa chifukwa cha ine. Ndikupepesa pamaso pa onse. Tsopano nyamukani, mupite kwa dokotala weniweni."