Sipika Yapakati

Mlamu wanga maso anamuthera ndi matenda a shuga, koma makutu, mayo ine! Ukangokhudza chikwama chake kuchipinda, iye ali panja, umangomva, "Bwezerani, alamu." Ndiye mwana wake wamng'ono atapita kunja kwa dziko kukamenya nkhonya yaikulu yoonetsedwa pa dishi, mlamu ananeneratu kuti za m'kamwa mwa anthu sakuzifuna. Amve yekha, chibakera chilichonse. Paja anali mphunzitsi, chizungu cha owulutsa masewero amachimva bwinobwino. Ine sukulu ndinangoisuzumira pawindo.

Mwanayo kunjako ali ndi maina oopsa, koma ine azakhali ake ndinamutcha Kamphuno tsiku lomwe anabadwa, poti mphunoyo inali ngati batani la malaya. Mkulu wake ndi amene ankamuphunzitsa nkhonya, ndipo anapita naye kukamugwirira madzi ndi thaulo pakona.

Kanema wa kunyumba amalankhula ngati munthu wa chimfine. Choncho ndinapita ku holo yakale ya mafilimu, kuseri kwa depoti ya mabasi, kukanyengerera Wamawaya, bambo amene wamerera imvi m'kachipinda ka pamwamba koonetsera mafilimu.

"Mayi, dishi ndi holo ya mafilimu ndi zinthu ziwiri zosiyana," anatero.

"Inenso ndi malemu amuna anga tinali zinthu ziwiri zosiyana, koma ana anabadwa. Lumikizani basi."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvomera. Anakwera padenga kukamanga dishi, natsitsa waya mpaka pa dikoda, kuchoka apo waya wina kulowa mu ampulifaya yaikulu ngati kabati. Poyamba masipika anangolira tsiii, ngati mafuta pamoto. Anatukwana pang'ono, nadinadina mabatani a dikoda, kenaka holo yonse inadzaza mawu, ine mpaka kutembenuka kuona amene akundilankhula kumsana.

Ataona kuti ndadabwa, anayamba kudzitama. Anandizunguliritsa holo yonse: masipika a m'mbali, a kumbuyo, chisipika chapansi chogunda m'mimba, ndi imodzi yobisala kuseri kwa chinsalu.

"Iyi ndi yapakati," anatero. "Mawu a anthu onse amatulukira apa. Enawo ndi a mvula, magalimoto ndi mfuti. Taonani."

Anaika filimu ina yakale, n'kuzula kawaya kamodzi pa ampulifaya. Pachinsalu mzimayi ankalalatira mwamuna wake, pakamwa yasa yasa, koma mawu zii. Kunkangomveka mbalame ndi mphepo.

"Kawaya kameneka mukanandipatsa apongozi anga ali moyo, bwenzi ndili wonenepa," ndinatero.

Kumeneko nkhonya inali yamadzulo, kwathu kuno dzuwa lili pamutu. Holo inadzaza. Mlamu ndinamukhazika pakati penipeni, pamene Wamawaya anati mawu onse amakumanirana. Anavala diresi lake la kutchalitchi, chikwama pamiyendo. Owulutsa atatchula dzina la mwana wake, anandifinya mkono mpaka ndinakuwa.

"Wavala chiyani, alamu?"

"Kabudula wofiira, miyendo ngati ya mpando wanuwu. Winayo ndi chimunthu, khosi alibe, mutu anangouika pamapewa."

"Musandiseketse, ndikumvetsera."

Poyamba zinkayenda. Chibakera chikagwa, chisipika chapansi chinkati duu, mipando n'kunjenjemera. Mlamu ankandiuza zimene owulutsa akunena, ine n'kumamuuza zimene ndikuona, ndikuwonjezerako mchere pang'ono. Koma nkhonya itafika pakati, diso la Kamphuno linatupa n'kutsekeka. Anayamba kuyenda ngati munthu woponda pamatiresi. Izi sindinanene. Ndinati akuvina.

Kenaka chimunthu chija chinamupeza pansi pa khutu. Kamphuno sanagwe ngati mmene amagwera anthu a nkhonya, aja amadzigwira ndi manja. Anagwa ngati chitseko, mutu n'kumenya pansi. Mwendo umodzi unagwedezeka, n'kusiya. Woyimbira anayamba kuwerenga, koma analekeza panjira, n'kumakodola madokotala ndi manja onse awiri.

Pomwepo mawu a owulutsa anaduka. Ndinayang'ana kumwamba, pakawindo ka Wamawaya. Anali ataima, kawaya kaja kali m'manja, akundigwedezera mutu. Bambo wachifundo, anafuna kuti mayi asamve.

Koma iye anazolowera mafilimu, mmene munthu aliyense amalankhulira pa sipika yapakati. Za pa dishi si choncho. Yapakati inali ya owulutsa okha. Mamaikolofoni a m'mphepete mwa bwalo la nkhonya ankatulukira m'masipika a m'mbali, ndipo nthawi yonseyi owulutsa ndi amene ankawaphimba. Atawachotsa, tinakhala ngati atiika m'bwalomo. Chikhamu cha kumeneko chinali chete, chete wake wotizungulira mbali zonse. Tinamva nsapato za madokotala zikukwecha. Tinamva lumo likudula zingwe za magolovesi. Ndiye kudzanja lamanzere, pafupi ngati ali pampando wachitatu, mkulu wake, m'chilankhulo chathu chomwechi:

"Kamphuno! Iwe Kamphuno, tsegula maso. Ndine, achimwene ako. Adokotala, bwanji sakuphethira? Ndikawauza chiyani amayi?"



"Akumwa madzi, alamu," ndinatero. "Mukumudziwa ndi ulesi wake, wagona kaye pang'ono..."

"Khalani chete."

Chikwatiwire kwa mchimwene wanga, mlamu anali asanandilankhulepo choncho. Anaimirira, chikwama n'kugwa, ndipo sanachitole. Anatembenukira kumbuyo, kumene ankadziwa kuti kuli kawindo, n'kulankhula ndi mawu ake aja a m'kalasi.

"Bambo, bwezerani chimene mwachotsacho."

Wamawaya anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Ndati bwezerani. Mwana ndi wanga."

Sipika yapakati inati thu, owulutsa n'kubwerera, koma tsopano akulankhula motsitsa ngati anthu a m'chipatala. Pachinsalu ndinaona machila, ndi mkulu wake akuthamanga pambali, thaulo likadali paphewa. Kenaka owulutsa anachotsa chithunzicho, n'kutionetsa azibambo awiri a masuti atakhala patebulo. Masipika a m'mbali anazima. Ine wa maso ndinatsala ndilibe choona, ndipo chizungucho chinkangondidutsa.

Ndinamukoka diresi. "Akuti chiyani, alamu?"

Anamvetsera nthawi yaitali, mutu atapendeketsa, milomo ikutsatira mawuwo.

"Akuti sakupuma yekha," anatero. "Akuti magazi akutayikira m'mutu. Athamangira naye kukamung'amba."

"Koma adzuka? Akutero?"

"Sakutero."

Azibambo a masuti aja analankhulanso, mmodzi akusanja mapepala ake.

"Nanga pano akuti chiyani?"

"Akupepesa oonera. Akuti tisachoke, kukubwera nkhonya ina."

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, akupinda mipando ya m'holomo ndi dzanja kuti isalire. Wamawaya anatsika, chipewa m'manja, n'kuima patsogolo pa mlamu. Mlamu anapapasa mpaka anapeza phewa langa.

"Ndiperekezeni kunyumba, alamu," anatero. "Foni ikandipeze nditakhala pansi."