Dzanja Lotsala pa Chithunzi

Bambo wina wa suti atangolowa mu shopu yosindikiza mabuku, Zala anamuzindikira asanatsegule n'komwe pakamwa. Makutu otambalala aja anali a bambo ake enieni. Ameneyu anali mlongo wake wa mimba ina, koma iye anangomuyang'ana Zala ngati akuyang'ana makina a fotokope.

"Ndikufuna kabuku ka mbiri ya banja lathu," anatero, akuponya envulopu pa kauntala. "Kuyambira agogo mpaka zidzukulutudzi. Mabuku mazana awiri. Abale onse tikukumana Loweruka, ena akuchokera kunja. Musandichititse manyazi."

Dzina loti Zala anam'patsa ndi anzake a pantchito chifukwa cha liwiro lake potaipa. Tsiku limenelo zala zake zinkalemera. Mbiriyo analemba pamanja ndi azakhali, mlongo wa bambo ake, ndipo tisawanamizire, kulemba ankatha. Munali agogo aamuna okonza mawotchi, amene anamwalira asanakhulupirirepo wotchi ya munthu wina. Munali bambo aang'ono oyendetsa basi, amene ankaimba nyimbo imodzimodzi ulendo wonse mpaka anthu kutsika asanafike kwawo. Munali mapasa amene anamwalira sabata imodzi. Zala anataipa zonsezi, pena ndi pena akuseka. Anali abale ake, ngakhale ankawadziwira pa pepala.

Kenako anafika pa tsamba la bambo ake. "Anakwatira kamodzi, nabereka ana anayi."

Kamodzi! Bodza lina limachita kununkha. Mayi ake a Zala anakhala m'nyumba imeneyo zaka zisanu ndi zinayi, akuchapa, akusita, akudwazika apongozi. Mlandu wawo unali woti anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, mimba n'kutseka. Azakhali omwewa ndi amene anabweretsa mkazi wina, ndiponso ndi amene analongedza sutikesi ya mayi ake.

M'envulopumo munali chithunzi cha bambo atakhala pampando, mbali imodzi chitadulidwa mokhota. Pa phewa lawo panali zala zinayi za munthu wamkazi, dzanja lopanda mwini. Zala anakumbukira tsikulo. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ataima pakhomo, akuona azakhali akudula chithunzicho ndi sizasi n'kuponya theka linalo mu sutikesi. Mayi ake analisunga theka limenelo m'chitini cha mabatani mpaka anamwalira osadandaulapo. Zala sanatengere mtima umenewo. Iye ankasunga mkwiyo, ndipo sankachita nawo manyazi.

M'mawa mwake anabwera nalo theka lija. Anaika zidutswa ziwirizo pa galasi la makina, ndipo zinalumikizana bwinobwino, dzanja n'kupeza mkono wake. Akanatha kufufuta mzera wodulawo pa kompyuta, koma anausiya dala, woyera, kuchokera pamwamba mpaka pansi. M'munsi mwake analemba dzina la mayi ake, chaka chimene anakwatiwa, chaka chimene anathamangitsidwa, ndi dzina la amene anagwira sizasi. Pa mndandanda wa ana, lake analiika poyamba.

Mu shopumo munali lamulo limene abwana sankalisintha: palibe chosindikizidwa mwini wake asanasaine tsamba lililonse. Wasuti anabwera Lachinayi, foni ili kukhutu.

"Muwerenge bwino, bambo," anatero Zala. "Makamaka tsamba lachisanu ndi chiwiri."

"Kuwerenga ndi ntchito yanu, mayi. Ndisaine pati?"

Anasaina masamba onse akukangana ndi munthu wa pa foni za mipando. Pa tsamba lija cholembera chake chinadutsa pafupi ndi mapazi a mayi ake a Zala, iye osaona kanthu.

Lolemba azakhali anatulukira ndi ndodo yawo, Wasuti ali pambuyo, suti itachita makwinya. Anamenyetsa kabuku pa kauntala.

"Ndani walemba zonyansazi? Ana akundifunsa mafunso! Adzukulu anga akundiyang'ana ngati mfiti!"

Abwana anatulutsa masamba osainidwa aja n'kuwayala pa kauntala. Wasuti anayang'ana siginecha yake, kenako anayang'ana nsapato zake.

"Ndalemba ndine," anatero Zala.

Azakhali anamuyang'anitsitsa, maso n'kukaima pa makutu.

"Iwe... ndiwe mwana wa uja..."

"Mutchuleni dzina, azakhali. Ngati mwaiwala, lili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri."

"Mlongo wanga?" anatero Wasuti chapansipansi.

"Uchotse!" anakuwa azakhali. "Uchotse lero lomwe!"

Zala anali atadikira mawu amenewa zaka makumi atatu, ndipo atawamva anakoma kuposa mmene ankaganizira. Anatsegula dirowa, natulutsa sizasi yaikulu yodulira mapepala, n'kuikankhira pa kauntala, chogwirira chitaloza kwa azakhali.

"Ntchito imeneyo mumaidziwa ndinu," anatero. "Mabuku ndi mazana awiri, ena akwera kale ndege. Yambani ndi lomwe mwabweretsali."